Kope lodzaza kapena mutu wokha: za kuyendetsa masewero a patebulo

Loweruka lapitali ndinapatsidwa mpata woti ndilankhulepo za masewero athu a patebulo aja, koma ambiri simunafike chifukwa cha mvula. Ndiye a komiti anandipempha kuti ndilembe zomwe ndinanena, ziikidwe m'kalata yathuyi. Ndakonzamo apa ndi apo, koma ndi zomwezo.

Pali anzathu atatu m'kalabu muno amene akufuna kuyamba kuyendetsa masewero patchuthi chikubwerachi, ndipo onse atatu anandifunsa funso limodzi, aliyense payekha: kodi ukamayendetsa, umalemba zonse kunyumba kapena umangopeka pomwepo? Funso limeneli ndalitenga mwamphamvu chifukwa ine sindikhala pano mpaka kalekale. Zikayenda bwino, chaka chamawa ndikhala ndili kusukulu kwina. Pakapanda wina wotenga mpando uja, tebulo lija libwereranso kukhala loikapo mabuku basi.

Kwa amene simunakhalepo nafe, masewerowa amayenda chonchi. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo. Aliyense amatenga mpangankhani mmodzi, monga tinkaphunzirira m'Chichewa cha Fomu 3, koma pano mpangankhaniyo ndiwe amene ukumulankhulira ndi kumusankhira zochita. Munthu mmodzi ndiye woyendetsa: amafotokoza malo, amalankhula m'malo mwa anthu ena onse a m'nkhaniyo, ndipo amaweruza. Wosewera akafuna kuchita chinthu choti chikhoza kukanika, monga kulumpha mpanda alonda ali pomwepo, amaponya madayisi. Otchuka kwambiri mwa masewero amenewa ndi Dungeons & Dragons, omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America mu 1974. Kumeneko woyendetsa amatchedwa Dungeon Master, mwachidule DM. Ena amangoti GM.

Yankho langa ndilipereka podzera m'manyazi anga awiri.

Oyamba ndi awa. Nditangomaliza mayeso a MSCE ndinali ndi nthawi yambiri, ndiye ndinagula hadikava n'kukhala masabata awiri ndikulemba. Nkhani inali yoti mphwake wa mfumu, yemwe amayembekezeka kudzalowa ufumu, wasowa, ndipo ali m'phanga lakuphiri. Ndinajambula mapu a phangalo, zipinda 12. Ndinalemba chilombo cha m'chipinda chilichonse. Ndinalemba ngakhale mawu amene mdani wamkulu adzalankhule asanafe, tsamba lathunthu, ndipo ndinkawayeserera ndili ndekha kubafa.

Tsiku litafika, ndinayamba kufotokoza mudziwo. Pofuna kungokometsa, ndinatchula kuti pafupi ndi msika pali chigayo, ndipo mayi wa pachigayopo atawaona anayang'ana kumbali. Basi, anzanga aja anagwira pomwepo. "Mayi ameneyu akudziwa kanthu, tiyeni tikamufunse." M'kope mwanga munalibe mayi wa pachigayo. Munali phanga. Ndiye ndinati chigayo chatsekedwa. Iwo anati tidikira mpaka mawa. Ndinati mayiyo wapita kumaliro. Anati tim'tsatira. Ndinati mlatho wakokoloka, njira yokhayo yotsala ndi yopita kuphiri. Apo mnzanga wina anaika pensulo pansi n'kunena kuti, "Aise, ngati nkhaniyi unamaliza kale kulemba, ingotiwerengera tizipita." Tinaseka tonse, koma sabata yotsatira anthu awiri sanabwerenso. Osewera akunja khalidwe limeneli amalitchula kuti railroading, kutanthauza kuwakweza anthu sitima: akhoza kusuzumira pawindo, koma kopita ndi komwe njanji yaloza.

Manyazi achiwiri anabwera chifukwa ndinaphunzira phunziro lolakwika. Ndinati kukonzekera ndiye vuto, ndiye ulendo wotsatira ndinabwera chimanjamanja, ndi madayisi okha m'thumba. Nkhani ndinaipeka panjira: ng'ombe za m'mudzi zikusowa usiku, pezani wakuba. Ola loyamba linakoma zedi. Chilichonse chomwe anena ndinkangoti eya. Koma pofika ola lachiwiri zinthu zinayamba kusokonekera. Mfumu ndinaipatsa dzina lina poyamba, kenako lina. Mapazi a wakuba poyamba analoza kumtsinje, kenako ndinaiwala n'kunena kuti analoza kumanda.

Patebulo paja panali mtsikana wina wa Fomu 2, wosalankhulalankhula. Nthawi yonseyi iye ankalemba papepala chizindikiro chilichonse chomwe ndatchula. Chakumapeto anakweza dzanja ngati m'kalasi, n'kufotokoza bwinobwino, mfundo ndi mfundo, chifukwa chake akuganiza kuti wakuba ndi m'busa wa ng'ombe za mfumu. Ine ndinati, "Ayi, si ameneyo." Iye anati, "Nanga ndi ndani?" Ndinangoti kukamwa yasa. Kunalibe wakuba. Ndinali ndisanasankhe. Mwana uja anazindikira pomwepo kuti wakhala maola awiri akuwerengera samu yopanda ansala. Anapinda pepala lake bwinobwino n'kuliika m'thumba, osanena kanthu. Mawu a mnzanga uja anandichititsa manyazi, koma pepala limeneli ndi limene linandipweteka.

Nditaganizira bwino, ndinaona kuti zolakwa ziwirizi, ngakhale zikuoneka zosiyana, ndi cholakwa chimodzi. Ulendo woyamba, zosankha za osewera zinalibe ntchito chifukwa zonse ndinali nditasankha kale. Ulendo wachiwiri, zosankha zawo zinalibenso ntchito chifukwa kuseri kwa chitseko kunalibe kanthu, kaya atsegula chakumanja kaya chakumanzere. Munthu amabwera patebulo kuti zimene wasankha zisinthe kanthu. Ukamulanda zimenezo, kaya ndi kope lodzaza kaya ndi mutu wopanda kanthu, wamubera Loweruka lake.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti vuto limeneli ndi lakale kuposa Dungeons & Dragons amene. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ku Minnesota, kunali gulu la anyamata okonda masewero a nkhondo, oyendetsa tiasilikali tazidole patebulo. Mmodzi mwa iwo, David Wesely, anakonza masewero a nthawi ya Napoleon m'tauni yongopeka ya ku Germany yomwe anaitcha Braunstein. M'malo mopatsa aliyense gulu la asilikali, anapatsa osewera munthu mmodzimmodzi wa m'tauniyo, monga meya, mkulu wa banki, mkulu wa yunivesite, aliyense ndi zofuna zake. Osewera aja anayamba kuyendayenda, kunong'onezana, kupangana ndi kuchitirana ziwembu mwa njira zomwe iye sanaziganizire. Awiri anafika pomemana kuti amenyane paokha, ndipo Wesely anachita kupeka lamulo la ndewuyo pomwepo. Iye anapita kwawo akuganiza kuti zalephereka, chisokonezo chokhachokha. Koma osewera anakondwa, n'kumamupempha kuti achitenso. Mmodzi mwa osewerawo anali Dave Arneson, yemwe pambuyo pake anayambitsa masewero ake a Blackmoor, ndipo kuchokera kumeneko ndi komwe iye ndi Gygax anafika pa Dungeons & Dragons.

Taonani bwino nkhani imeneyi. Wesely sanabwere chimanjamanja. Anakonzekera, ndipo chimene chinagwira ntchito pa zomwe anakonzazo chinali anthu ndi zofuna zawo. Zochitika zinabadwa zokha anthuwo atakumana. Yankho langa kwa anzathu atatu aja lagona pomwepa: konzekerani mmene zinthu zilili, musakonzekere mmene zidzathere. Akuluakulu amati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike. Kapansi ndi ntchito yanu ya kunyumba. Kam'mwamba kadzatsika patebulo, ndipo simungadziwiretu kuti katsikira mbali iti.

Masiku ano ndimalemba tsamba limodzi lokha, ndipo sizinditengera kupitirira ola. Ndikuonetsani ndi nkhani yomwe ija ya mphwake wa mfumu, mmene ndinaikonzeranso.

Choyamba, ndimalemba choonadi, mizere iwiri kapena itatu. Mwanayo sanatengedwe ndi chilombo. Anamubisa ndi nduna ya mfumu, chifukwa ikufuna kuti ufumu udzapite kwa mwana wa kubanja lina amene ingathe kumulamulira. Ali m'chisakasa cha fodya kutsidya kwa dambo. Zimenezi sizisintha, kaya osewera apita kuti.

Chachiwiri, anthu atatu kapena anayi, ndipo aliyense ndimamulembera chimene akufuna, chimene akuopa, ndi chimene achite osewera akapanda kuchitapo kanthu. Nduna ija ikufuna kuti nkhani izizire. Pakapita masiku atatu imuwolotsa mwanayo mtsinje, ndipo kumupeza kudzavuta. Mayi wa pachigayo anaona ngolo ikudutsa usiku, koma ali ndi ngongole kwa nduna, ndiye akuopa kulankhula. Mayi ake a mwanayo atopa n'kudikira, ndipo mawa akufuna kukaloza chala munthu wosalakwa. Mukuona? Ngakhale osewera atangokhala pamsika kumadya mandasi, mudziwo ukuyenda. Sindifunikanso kukokolola mlatho.

Chachitatu, zizindikiro. Wolemba za masewerowa wina, Justin Alexander, analangiza mu 2008 kuti chilichonse chimene ukufuna osewera atulukire chizikhala ndi zizindikiro zosachepera zitatu, chifukwa china sachiona, china achimva molakwika. Mike Shea, m'buku lake la 2018 lotchedwa Return of the Lazy Dungeon Master, amalangiza kulemba zinsinsi pafupifupi khumi, zazifupi, koma osazimangirira pamalo amodzi. Nzeru imeneyi inandimasula kwambiri. Ndimalemba kuti "ngolo inadutsa usiku kulowera kudambo", koma sindilemba kuti anene ndani. Akapita kuchigayo, anena ndi mayi uja akamulimbitsa mtima. Akapita kudooko, anena ndi wopalasa bwato. Akapita kudambo, aona okha mikwingwirima ya mateyala m'matope. Choonadi n'chimodzi, makomo olowera ndi ambiri.

Chachinayi, malo atatu, aliwonse ndi chinthu chimodzi chooneka, chomveka kapena chonunkha. Fungo la fodya wouma. Galu womangidwa amene sakuuwa nduna ikafika. Zokwanira.

Chachisanu, mayina. Osaseka, ichi ndiye chimagwetsa ambiri. Wosewera akafunsa mwadzidzidzi kuti, "Mnyamata wogulitsa nzimbeyu dzina lake ndani?" mutu umangoti zii. Ndiye lembani mayina khumi pambali, aamuna ndi aakazi, ndipo mukagwiritsa ntchito limodzi, lembani pafupi pake kuti mwapatsa ndani.

Chomaliza, poyambira. Chiganizo choyamba chokha ndiye ndimachikonza bwinobwino, ndipo chizikhala ndi moto. Osayamba ndi mbiri ya mudzi ya zaka 200. Yambani ndi mayi akulira pabwalo la mfumu, atanyamula nsapato imodzi ya mwana, anthu onse atatembenukira kwa alendo amene angofika kumene, omwe ndi osewera anuwo. Kenako funsani: mukuchita chiyani?

Zimene sindilemba ndi izi: mathero, zimene osewera adzachite, ndi zolankhula zazitali.

Tsopano za kupeka pomwepo, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma, ndipo ngakhale ndi tsamba lanulo adzakudzidzimutsani ndithu. Ambiri amaganiza kuti kupeka ndi mphatso yobadwa nayo. Ine ndaona kuti kwakukulu ndi kumvetsera. Wosewera akachita chinthu chachilendo, musadzifunse kuti nkhani ndiibweza bwanji panjira. Yang'anani patsamba paja n'kudzifunsa kuti, nduna ikamva zimenezi ichita chiyani? Popeza mukudziwa chimene ikufuna ndi chimene ikuopa, yankho limabwera lokha. N'chifukwa chake ndimati kukonzekera ndi kupeka si adani. Kupeka kumadya zimene kukonzekera kwaphika.

Madayisi nawo amathandiza. Dungeons & Dragons amadalira kwambiri dayisi ya mbali 20, yomwe kuno siipezeka wamba. Ife timagwiritsa ntchito madayisi awiri a Ludo, potengera njira ya masewero a Apocalypse World, omwe Vincent Baker anatulutsa mu 2010. Umaponya awiri n'kuphatikiza. Ukapeza 10 kapena kuposa, zatheka bwinobwino. Ukapeza 7, 8 kapena 9, zatheka koma pali mtengo wake. Ukapeza 6 kutsika m'munsi, zavuta ndipo woyendetsa anena choipa chimene chachitika. Amene mumakonda masamu werengani nokha: madayisi awiri amagwa m'njira 36. Popanda kuwonjezerapo nambala ya luso la mpangankhani, njira 6 zokha ndizo zimapereka 10 kupita m'mwamba, 15 zimagwa pakati paja, ndipo 15 zimagwa pansi. Ndiye kawirikawiri mudzapezeka pakati, ndipo pakati ndi pomwe pali nkhani. Walumpha mpanda, eya, koma chipewa chako chatsalira mkati, ndipo aliyense m'mudzimo akuchidziwa. Zimenezo simungazilembe kunyumba, chifukwa simunkadziwa kuti wina adzalumpha mpanda atavala chipewa.

Mukasowa chonena, bwezerani funso kwa osewera. "Wopalasa bwatoyu akukudziwa. Munadziwana bwanji?" Mutu umodzi susenza denga, ndipo patebulo pali mitu isanu. Zimene wosewera wapeka yekha amazisamala kuposa zimene mwamupatsa. Zikafika povuta kwenikweni, palibe manyazi kunena kuti, "Mwandipeza, ndipatseni mphindi zisanu." Anthu akamwe madzi, inu muganize. Osewera amanyadira kumva kuti akudzidzimutsani.

Ndipo chilichonse chimene mwapeka, lembani nthawi yomweyo. Mawu akatuluka pakamwa pa woyendetsa asanduka choonadi cha dziko limenelo. Mukanena kuti mapazi analoza kumtsinje, aloze kumtsinje mpaka kumapeto, chifukwa mwina pali wina chete pakona amene akulemba.

Pali funso lina lomwe linabwera Loweruka, ndipo ndi labwino: bwanji ngati wosewera waganiza yankho lokoma kuposa lomwe ndinalemba? Oyendetsa amasiyana maganizo pamenepa. Anga ndi awa. Ngati ganizo lakelo silikutsutsana ndi chizindikiro chilichonse chomwe mwapereka kale, mukhoza kulitenga, nkhani ikome. Koma musasinthe choonadi ndi cholinga chomulepheretsa munthu amene wapeza yankho mwachilungamo, ngakhale atalipeza m'mphindi 20 zoyambirira. Wapeza, wapeza. Kudziwa kuti ndi nduna ndi chiyambi chabe. Nanga aikhulupirira ndani nkhaniyo pabwalo, alendo akuneneza munthu wamkulu?

Ndisakunamizeni kuti tsamba limodzi limakwanira paliponse. Ngati mukuyendetsa Dungeons & Dragons yeniyeni ndipo mukuyembekeza ndewu, manambala a adani muwakonzeretu, chifukwa kufufuza m'buku anthu akudikira kumapha masewero. Ngati ndi ulendo wanu woyamba, lembani masamba awiri kapena atatu kuti mtima ukhale m'malo, palibe cholakwika. Muyeso wake ndi umodzi: pa chilichonse mwalemba, dzifunseni ngati chidzagwirebe ntchito osewera akapita kumanzere m'malo mwa kumanja. Ngati chikufuna kuti iwo achite chakutichakuti kaye, ndiye mwayamba kuyala njanji.

China, kwa amene mumathera bandulo kuonera Critical Role pa YouTube. Pulogalamu imeneyi inayamba kuulutsidwa mu 2015, ndipo Matthew Mercer ndi anzakewo ntchito yawo ndi yolankhula mawu a m'makatuni ndi m'magemu. Ndi akatswiri. Musadziyerekeze nawo n'kugwa ulesi. Tebulo lanu silikufuna munthu wosintha mawu kasanu. Likufuna munthu amene akumva zimene anzake akunena.

Ndipotu ife zimenezi si zachilendo kwenikweni. Tonse tinakulira pa "Padangotero" ndi "Tili tonse." Wokamba nthano sayenda yekha, omvera amamuvomera, ndipo akaona ana akuwodzera amadziwa kufupikitsa kapena kuyambitsa nyimbo. Kusiyana kwake n'kwakuti agogo ankadziwa kumene kalulu akathere. Inu simukudziwa, ndipo musafune kudziwa. Kukoma kwa mpando umenewu n'komweko: nanunso mumamva nkhaniyo koyamba.

Phanga langa la zipinda 12 lija likadali m'hadikava, palibe analowamo mpaka lero. Koma nkhani ya mphwake wa mfumu titaiseweranso ndi tsamba limodzi, osewera sanamenyane ndi aliyense. Anamulipirira ngongole mayi wa pachigayo, iye n'kukaima pabwalo kunena zimene anaona. Mathero amenewo sindikanawaganiza ndekha ngakhale mutandipatsa mwezi.

Mtsikana wa pepala uja ndinakamupepesa, ndipo anabwerera patapita masabata atatu. Sindimutchula dzina, koma ndi mmodzi mwa atatu amene akufuna kuyendetsa, ndipo ndikukhulupirira kuti m'nkhani yake wakuba adzakhalapo.

Ndiye pempho langa ndi ili. Loweruka likubwerali, nthawi yathu yomwe ija, anzathu atatuwa abwere aliyense ndi tsamba lake limodzi: choonadi, anthu atatu, zizindikiro, malo, mayina ndi poyambira. Aliyense ayendetsa mphindi 40. Enanu bwerani mudzasewere, ndipo mudzawachitire chifundo, koma osati kwambiri. Akakutchulirani chigayo, pitani kuchigayoko. Amene muli ndi Ludo kunyumba, tibwerekeni madayisi, tidzabweza.